Diso la wodwala shuga silitupa ngati chithupsa

Omasulira uthenga wa zaumoyo azolowera kulemba "kutupa" paliponse pamene madokotala anena kuti inflammation. Pa chala cholumidwa ndi njuchi palibe mlandu. Koma nkhani ikafika pa retina, kachikopa kopyapyala kam'kati mwa diso kamene kamalandira kuwala, liwuli limasokeretsa anthu.

Munthu akakhala ndi shuga zaka zambiri, timitsempha ta magazi ta mu retina timawonongeka. Maselo oyera a magazi amakakamira m'makoma mwake, ndipo tina timatsekeka. Mbali imene yasowa okosijeni imayamba kuitana thandizo. Maselo olondera a m'menemo, otchedwa microglia, amadzuka n'kutulutsa timapuloteni tonyamula uthenga monga TNF ndi IL-6, ndipo puloteni ina, VEGF, imachuluka. Katswiri wa maso Isaac Michaelson anaganiza kale mu 1948 kuti retina yosowa mpweya iyenera kuti imatulutsa chinthu chomeretsa mitsempha, ndipo wasayansi Napoleone Ferrara anapatula chinthu chotere, VEGF, mu 1989. Ikachuluka, timitsempha tatsopano timamera mwachisawawa, tosalimba, totha kuphulika n'kudzaza magazi m'diso.

Zonsezi zili m'kati, chikope sichitupa, diso silifiira, ndipo nthawi zambiri silipweteka. Tsono mayi amene wamva kuti shuga amatupitsa maso adziyang'ana pagalasi, aona zonse zili bwino, n'kukhala phee mpaka tsiku limene mdima wagwa. Wamunamiza ndi womasulira.

Kutupa kwenikweni kuliko, pamene madzi adontha m'timitsempha n'kuunjikana pakatikati pa retina. Liwuli tilisungire pamenepo. Zinazo tizinene monga zilili: chitetezo cha thupi chadzuka m'diso ndipo chikuwononga malo amene chimati chiteteze. Mawuwo ndi ambiri, inde, koma wodwala awamva.

Liwu lakuti "mitsempha" nalonso lisamayende lokha. Kwa ife mtsempha ndi wa magazi, ndi wa uthenga wopita ku ubongo, ndiponso ndi ulusi wolimba uja wa m'nyama. Jakisoni wa Avastin kapena Lucentis amatsekereza VEGF kuti mitsempha ya magazi ileke kumera ndi kudontha. Sadzutsa mtsempha wa uthenga umene unafa.

Ndipo matendawa si ng'ala, ngakhale ambiri amatcha khungu lililonse choncho. Inu olemba ndi owulutsa mawu, uzani wodwala shuga kuti akapimitse maso chaka ndi chaka, ngakhale akuona bwinobwino.