Nkhodolero Yomwe Imagwetsa Webusaiti: Mbiri ya Kusaka Zolakwika mu Khodi

Wachinyamata wa pa Namitambo m'boma la Chiradzulu amene wayamba kuphunzira chinenero cholembera mawebusaiti cha PHP pa laputopu yobwereka amakumana msanga ndi vuto lomwe mabuku ochokera kunja salitchula kawirikawiri. Akalemba echo 'Hello'; zonse zimayenda bwino. Akangofuna kuti tsamba lake lilankhule chinenero cha kwawo, n'kulemba echo 'Takulandirani m'mudzi muno'; tsamba lonse limafa. Kompyuta imaona nkhodolero ya mawu akuti m'mudzi ngati chizindikiro chotsekera chiganizo, ndipo zilembo zotsalazo, mudzi muno, zimakhala ngati mlendo wopanda mwini. Chichewa chake chili bwinobwino, koma malamulo a kalembedwe ka khodi aphwanyika. Vuto la mtundu umenewu ndi lomwe akatswiri amalitcha syntax error, ndipo mbiri ya momwe anthu akhala akulisakira ndi yaitali kuposa intaneti imene.

Pa 9 Sepitembala 1947, gulu lomwe munali Grace Hopper linapeza kagulugufe ka usiku katapanikizika mkati mwa kompyuta ya Mark II ku Harvard. Anakamata m'buku lawo la ntchito. Mawu akuti bug, otanthauza kachilombo komanso cholakwika m'makina, analipo kale, Thomas Edison ankawagwiritsa ntchito m'ma 1870, koma kachilomboko kanawatchukitsa. Zilombo zenizeni zinali zochepa. Zambiri zinali zolakwa za zala ndi mutu wa munthu.

Kampani ya IBM itatulutsa chinenero cha FORTRAN mu 1957, wolemba pulogalamu ankabowola makadi, n'kuwapereka kwa oyendetsa makina, n'kudikira maola angapo, mwina mpaka mawa lake. Mpatuliro umodzi ukasowa, ankalandira pepala lokana ntchito yonse, n'kuyambiranso pamzere. Mayunivesite ndiwo anayamba kumvera chisoni ophunzira. Ku Waterloo m'dziko la Canada, mu 1965, anapanga WATFOR, yomwe inkafotokoza cholakwacho m'mawu omveka. Ku Cornell anafika pena: pulogalamu yawo ya PL/C inkayesa kukonza yokha pomwe wophunzira waphonya.

Nthawi yomweyo ku Norway, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anabweretsa Simula 67, kholo la kalembedwe komwe lero kamatchedwa object-oriented. Ganizo lake aliyense woumba njerwa angalimve. Kalasi ili ngati chikombole: umaikonza kamodzi, n'kumaumbiramo njerwa zambirimbiri zofanana maonekedwe. Kalasi ya Wodwala ikakhala ndi malo a dzina, mudzi ndi zaka, munthu aliyense wolembedwa amakhala njerwa yakeyake. Ubwino wake ndi waukulu, koma kalembedwe kameneka kanabweranso ndi zitseko zambiri. Mu PHP kalasi imatsegulidwa ndi chizindikiro cha { ndipo m'kati mwake muli zipinda zina, chilichonse ndi chitseko chake. Kuiwala kutseka chimodzi n'kokwanira.

Chaka cha 1995 ndicho chinabala zinenero zomwe zimayendetsa masamba ambiri lero. Rasmus Lerdorf anatulutsa PHP, Brendan Eich analemba JavaScript m'masiku khumi okha ku Netscape, ndipo Yukihiro Matsumoto anatulutsa Ruby ku Japan. Kuno kwathu nthawi imeneyo imelo inali ikungoyamba kudziwika kudzera mu ntchito ya Dr Paulos Nyirenda ndi anzake ku Chancellor College ku Zomba.

PHP inakula mwachisawawa, ndipo mauthenga ake a zolakwika anali otero. Andi Gutmans ndi Zeev Suraski, omwe anailembanso ali ophunzira ku Technion m'dziko la Israel, anatcha chizindikiro cha :: dzina la Chiheberi. Kwa zaka zambiri, munthu akalakwitsa poitana kalasi, ankalandira uthenga wonena za T_PAAMAYIM_NEKUDOTAYIM. Mawuwo amangotanthauza timadontho tiwiri tobwerezedwa, koma anthu osawerengeka padziko lonse anagona mochedwa akuganiza kuti kompyuta yapenga. Apa pali phunziro lomwe limakhudza Amalawi kwambiri: ngakhale azungu olankhula Chingerezi analawa kuwawa kwa kudzudzulidwa ndi makina m'chinenero chomwe sakuchimva, zomwe mwana wa ku Chiradzulu amakumana nazo tsiku lililonse.

Nkhodolero nayo ili ndi mbiri yake mu PHP. Popeza inkasokoneza malamulo otumizidwa ku nkhokwe ya deta, opanga chinenerochi anaika njira yotchedwa magic quotes, yomwe inkadziikira yokha kamzere kopendekera patsogolo pa nkhodolero iliyonse. Mankhwalawo anabala matenda ena. Masamba anayamba kuonetsa ng\'ombe ndi Mang\'anja, ndipo dzina likasungidwa kawiri timizere tinkachulukirachulukira. Njira yolongosoka inabwera PHP 5 itatuluka mu 2004 ndi makalasi okhwima, kenako PDO mu 2005, yomwe imalekanitsa lamulo ndi mawu a munthu kuti ziwirizi zisasakanikirane. Magic quotes inachotsedwa mu 2012.

Zimenezi si nkhani za kutali. Mu 2001, chaka chomwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV m'boma la Chiradzulu, Gerry Douglas anali akuika makompyuta ongodina pagalasi pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Ntchitoyo inabala Baobab Health Trust, komwe Amalawi monga Soyapi Mumba analemba mapulogalamu otsata odwala pogwiritsa ntchito Ruby on Rails. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni analembetsa ziphaso za unzika. Mayina a Ng'ambi, Ng'oma ndi Mang'anda, olembedwa pachipatala ngati cha Namitambo, kusukulu kapena kubanki, onse amayenera kudutsa m'khodi ya munthu wina. Wolemba khodiyo akapanda kuganizira nkhodolero, mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumsana amauzidwa kuti makina akana dzina lake.

Chovuta kwambiri pa syntax error n'chakuti kompyuta imaloza pomwe yapunthwa, osati pomwe pali mwala. Wophunzira akalemba $this->dzina = $dzina pa mzere 12 n'kuiwala semikoloni, PHP imadandaula za mzere 13, ponena kuti sinayembekezere mawu akuti return. Iye amayang'anitsitsa mzere 13 mpaka maso kuwawa, pomwe mzerewo ulibe mlandu. Akaiwala kutseka kalasi, zinkakhala zoipa kuposa apa: uthenga unkaloza mzere womaliza wa fayilo yonse, ngakhale chitseko chosatsekacho chili mizere 300 m'mwamba. Pa seva yomwe inazimitsidwa kuonetsa mauthenga, tsamba limangoyera mbee, popanda ndi liwu limodzi lomwe.

Zida zothandiza zinabwera pang'onopang'ono. Douglas Crockford anatulutsa JSLint mu 2002, yowerenga JavaScript isanayendetsedwe. Firebug ya Joe Hewitt mu 2006 inalola munthu kuona cholakwa m'kati mwa msakatuli momwemo. ESLint inabwera mu 2013, ndipo Visual Studio Code, yomwe inatuluka mu 2015, imadula mzere wofiira pansi pa cholakwa munthu asanamalize n'kulemba komwe. WordPress, kuyambira mu 2019, imatumiza imelo kwa mwini tsamba m'malo momusiya ndi galasi loyera. Mu Novembala 2020, PHP 8 inasiya kuonetsa dzina la Chiheberi lija, ndipo inayamba kutchula mzere weniweni pomwe chitseko chinatsegulidwa osatsekedwa. Zinatenga zaka 25 kuti chinenerochi chiphunzire kulankhula mwaulemu chotere.

Komabe misampha yatsopano ikubadwa ndi zizolowezi zathu. Ophunzira ambiri amatumizirana khodi pa WhatsApp, yomwe imatha kumeza nyenyezi ziwiri n'kusandutsa mawu apakati kukhala okhathamira. Ena amakopera kuchokera mu notsi za Microsoft Word, yomwe imapinda mitengero yowongoka. Pamaso imaoneka yofanana, koma kwa PHP ndi zilembo zachilendo. Chida chimodzi chothandiza ndi lamulo lalifupi lakuti php -l, lomwe limafufuza fayilo popanda kuiyendetsa ndipo silifuna bandulo.

Achinyamata a ku Chiradzulu lero ali pafupi ndi sukulu zomwe makolo awo sanazione: Catholic University ku Nguludi inatsegulidwa mu 2006, yunivesite ya MUST ku Thyolo mu 2014. Aphunzitsi a makompyuta m'masukulu amenewa ndi ena onse asiye kuyesa mapulogalamu ndi mayina a John Smith okhaokha. Pa tsiku loyamba lenileni, wophunzira aliyense alembe dzina la Ng'ambi ndi mawu akuti m'mudzi mu fomu yake, aone ngati ipirira.