Nyimbo Zochokera m'Zinthu Zotayidwa

Mbiri ya nyimbo za ku Thyolo siingalekanitsidwe ndi mbiri ya tiyi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Alomwe ambiri anaoloka malire kuchokera ku Mozambique nadzakhala m'minda ya Azungu, kumene ankagwira thangata. Minda ina, monga wa Satemwa umene Maclean Kay anautsegula m'chaka cha 1923, inakula ndi thukuta la anthu ameneŵa.

Malipiro anali ochepa, ndipo gitala wa m'sitolo sanali chinthu choti wothyola tiyi n'kuchilota. Tsono anyamata anatembenukira ku zinthu zotayidwa. Chigubu cha mafuta kapena chikopa cha mbuzi chokungidwa pa mtengo wosema chinasanduka mimba ya banjo, ndipo waya wa mabuleki a njinga anasanduka nsambo zake. Bokosi la tiyi, limene oimba kwela a ku Johannesburg ankalimangirira chingwe chimodzi, linkatulutsa liwu lalikulu la besi.

M'mwambo umenewu ndimo munakulira Allan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona, amene pamodzi ndi gulu lake la Chimvu anamveka kwambiri pa wailesi ya MBC m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Iye ankaimba m'Chicheŵa ndi m'Chilomwe, ndipo anamwalira m'chaka cha 1995.

Nzeru yomweyi yaonekanso kutali. Ku Poland, Paweł Zadrożniak anayamba m'chaka cha 2011 kuimbitsa zipangizo zakale za kompyuta zoŵerengera madisiki. Kamota ka m'kati mwake kamayenda modukizadukiza. Kakafulumira liwu limakwera, kakachedwa liwu limatsika, monga momwe nsambo ya banjo imachitira ikakungidwa kapena kumasulidwa. Pofika 2022, makina ake otchedwa Floppotron anali ndi zipangizo zotere 512.

Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Poland anasankha zotayidwa mwa kufuna kwake, pamene wa ku Thyolo anazitola chifukwa cha kusoŵa. Komanso banjo ya chigubu siikhalitsa: dzimbiri limaidya, chikopa chimang'ambika, ndipo mmisiri akamwalira osaphunzitsa wina, luso limapita naye kumanda. N'chifukwa chake nyimbo zimene wailesi inajambula, ndi akuluakulu amene akudziŵabe kukunga banjo, ziyenera kusamalidwa nthaŵi isanathe.