Mbiri ya chipolowe cha ku Centralia m'chaka cha 1919

Chipolowe cha ku Centralia chidachitika pa 11 Novembala 1919 m'chigawo cha Washington m'dziko la America, pomwe asilikali akale a bungwe la American Legion adalimbana ndi mamembala a bungwe la apantchito la Industrial Workers of the World, lomwe mwachidule limatchedwa IWW.

Bungwe la IWW, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1905 mumzinda wa Chicago, linkamenyera ufulu wa anthu odula mitengo ndi ocheka matabwa. Eni makampani ndi asilikali akale ankaliona ngati gulu loukira boma chifukwa linkatsutsa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Mu 1918 gulu la anthu lidaphwanya ofesi ya bungweli ku Centralia.

Atatsegula ofesi ina, mamembalawo adamva mphekesera zoti adzawaukiranso. Loya Elmer Smith adawalangiza kuti malamulo amawalola kudziteteza, choncho adakonzekera ndi mfuti.

Pa tsikulo asilikali akalewo ankaguba pokumbukira kuti patha chaka nkhondo itatha. Atafika pafupi ndi ofesiyo mfuti zidalira. Asilikaliwo adati adawomberedwa asadalakwe kanthu, pomwe a IWW adati adawombera anzawowo atayamba kuthyola chitseko. Mpaka lero olemba mbiri sagwirizana pa mfundoyi.

Warren Grimm, Arthur McElfresh ndi Ben Casagranda, onse a American Legion, adaphedwa. Wesley Everest, membala wa IWW yemwe nayenso adakhalapo msilikali, adathawira kumtsinje ndipo adawombera Dale Hubbard yemwe ankamuthamangitsa. Hubbard adamwalira, ndipo Everest adagwidwa n'kutsekeredwa m'chitokosi.

Usiku womwewo magetsi a m'tawuniyo adazimitsidwa. Gulu la anthu lidamutulutsa Everest m'chitokosimo n'kukamupachika pa mlatho wa mtsinje wa Chehalis. Patapita masiku ochepa, John Haney, yemwe adali m'gulu losaka mamembala othawa, adawomberedwa mwangozi ndi gulu lina losaka.

Mlandu udazengedwa ku Montesano mu 1920. Mamembala asanu ndi awiri a IWW adapezeka olakwa pa mlandu wakupha ndipo adalamulidwa kukhala m'ndende zaka zapakati pa 25 ndi 40. Smith adapezeka wosalakwa. Womaliza kutuluka m'ndende adali Ray Becker mu 1939. Koma palibe ngakhale mmodzi amene adaimbidwa mlandu pa imfa ya Everest, ndipo kukondera kumeneku ndiko kudasiya chilonda m'tawuniyo.

Mu 1924 chipilala chotchedwa The Sentinel chidaimikidwa ku Centralia pokumbukira asilikali anayi aja. Mbali ya apantchito idadikira kufikira 1997, pomwe katswiri wojambula Mike Alewitz adajambula chithunzi chachikulu cha Everest pakhoma la nyumba ina m'tawuni yomweyo.