Mgodi wa golide ukatsegulidwa pafupi nanu, funsani za madzi

Madzi a mumtsinje akachita matope chifukwa cha anthu osefa golide, aliyense amaona ndipo amadandaula. Koma poizoni woopsa pa ntchitoyi saoneka ndi maso. Dzina lake ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira ngati siliva, chomwe ena amachidziwa chifukwa cha zoyezera kutentha kwa thupi zakale zija.

Migodi ing'onoing'ono ya golide yachuluka m'dziko muno, monga ku Makanjira m'boma la Mangochi ndi m'chigwa cha mtsinje wa Lisungwe. Kuyambira mu 2021, Reserve Bank of Malawi imagula golide kudzera ku Export Development Fund. Mwina inu muli kwa Changata ku Thyolo, komwe anthu amadziwa tiyi ndi nthochi, ndipo mukuti izi nzakutali. Koma mwana wanu akapita kukasaka ndalama kumigodi, poizoniyu akhoza kubwera naye m'thumba n'kulowa m'khitchini mwanu.

Mmene mercury amalowera m'thupi

Wokumba amasakaniza mercury ndi mchenga kapena miyala yopera. Mercury amagwira tizidutswa ta golide n'kupanga kampira kofewa. Kenako kampirako amakawotcha kuti mercury auluke, golide atsale. Nthunzi yakeyo ilibe fungo, ilibe mtundu, koma yambiri ikapumidwa imalowa m'magazi kudzera m'mapapo n'kukawononga ubongo ndi impso. Akawotchera m'nyumba, imakakamira kumakoma ndi kuzovala, ana n'kumaipuma kwa nthawi yaitali.

Wotsalira m'matope uja amatsikira kumtsinje. Kumeneko tizilombo tosaoneka timamusandutsa methylmercury, yemwe amaunjikana m'nsomba, makamaka zazikulu zodya zinzake. Kuphika nsomba sikumuchotsa. Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha majeremusi okha, osati mercury.

Zizindikiro zimayamba pang'onopang'ono: kunjenjemera manja, kusowa tulo, kuiwalaiwala, kupsa mtima msanga, kutupa nkhama, dzanzi m'zala ndi m'milomo. N'zosavuta kuganiza kuti munthu walodzedwa kapena wachulutsa kachasu. Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi mwana wosabadwa, chifukwa poizoniyu amadutsa kuchokera kwa mayi n'kukasokoneza kakulidwe ka ubongo, ngakhale mayiyo akuoneka wathanzi. Dziko linaphunzira izi ku Minamata, ku Japan, komwe matendawa anadziwika mu 1956 pakati pa anthu odya nsomba za m'madzi omwe fakitale inkatayamo zonyansa. Pangano la mayiko lochepetsa mercury, la mu 2013, linatenga dzina la mzindawo, ndipo Malawi anasaina nawo.

Zomwe malamulo amafuna

Mgodi, ngakhale ukhale waung'ono, umafunika chiphaso. Lamulo la migodi la 2023 linakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority kuti liziyang'anira ziphaso ndi kayendetsedwe ka migodi. Za chilengedwe zili m'manja mwa Malawi Environment Protection Authority, MEPA, pansi pa lamulo la 2017, ndipo bungweli ndi lomwe limagamula kauniuni amene mwini mgodi ayenera kuchita asanayambe ntchito. Kutunga madzi ambiri mumtsinje kapena kutayamo madzi oipa kumafunanso chilolezo cha National Water Resources Authority.

Kunena zoona, pepala lokha silitsuka mtsinje. Migodi yambiri ing'onoing'ono ili kutali ndi maofesi, ndipo ina ilibe chiphaso n'komwe. Chomwe chimasonyeza ngati mgodi ukutsatadi lamulo ndi kuyeza. Kuyeza kwabwino kumatenga madzi malo awiri, kumtunda kwa mgodi ndi kumunsi kwake, kuti kusiyana kuoneke. Kumachitika nthawi ya dzinja komanso yachilimwe, poti mvula ndiyo imakokolola zotsalira. Sikuthera pa madzi: matope apansi pa mtsinje ndi nsomba zimasunga mercury wambiri kuposa madziwo, choncho madzi akhoza kupezeka abwino pomwe nsomba zili ndi poizoni. Mlingo wa World Health Organization pa madzi akumwa ndi mamayikulogalamu 6 pa lita imodzi.

Muli ndi ufulu wofunsa. Lamulo la 2017 lija limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaika moyo pachiswe, ndipo akhoza kupita kukhoti ufuluwo ukaphwanyidwa. Pamsonkhano wa mudzi kapena wa ADC, funsani kuti muone chiphaso, mufunse komwe madzi otsukira akuthera, tsiku lomwe anayeza komaliza, ndi amene akusunga zotsatira. Akakuyankhani kuti "madzi ali bwinobwino" popanda manambala, kadziwitseni mkulu woona za chilengedwe kukhonsolo ya boma lanu.

Ngati m'bale wanu amagwira ntchitoyi, asawotchere m'nyumba kapena pafupi ndi ana ndi amayi oyembekezera, ndipo zovala zakuntchito zizisungidwa panja. Pali kachipangizo kotchedwa retort komwe kamagwira nthunzi ija n'kuibweza kukhala madzimadzi. Akayamba kunjenjemera kapena kumva dzanzi, apite kuchipatala ndipo anene yekha kuti amagwira mercury. Akapanda kunena, adokotala akhoza kungomuyeza malungo n'kumubweza kunyumba.