Omasulira Maloto Kuchokera ku Egypt Kufika ku Vienna

Ntchito yomasulira maloto ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri zimene mbiri yake inalembedwa, ndipo kwa zaka zikwi zingapo inkatsamira pa chikhulupiriro chakuti chimene munthu waona m'tulo ndi chizindikiro, kutanthauza chinthu choimira chinthu china, komanso kuti chinthu chinacho chili m'tsogolo. Umboni wina wakale wa ntchitoyi ndi mpukutu wa gumbwa wochokera ku Deir el-Medina, mudzi wa amisiri okumba manda a mafumu ku Egypt, umene unalembedwa m'nthawi ya Ramesses II, zaka zoposa 1,200 Khristu asanabadwe, ndipo lero ukusungidwa ku British Museum. Mlembi wake anandandalika maloto mzere ndi mzere, nalemba pambali pa lililonse kuti ndi labwino kapena loipa, ndipo mawu osonyeza kuipawo ankawalemba ndi inki yofiira. Nkhani ya Yosefe, imene owerenga Baibulo amaidziwa bwino, ikuyenda m'njira yomweyo, pakuti ng'ombe zonenepa ndi zowonda zimene Farao analota zinkaimira zaka za dzinthu ndi za njala zimene zinali zisanafike.

Munthu amene anaikuza ntchitoyi kufikira pokhala luso lokhala ndi malamulo ake ndi Artemidorus, wobadwira ku Ephesus, amene anakhala ndi moyo pakati pa zaka za 100 ndi 200 Khristu atabadwa, ngakhale kuti m'mabuku ake a maloto anadzitchula wa ku Daldis, kamzinda ka kwawo kwa mayi ake. Anayenda m'madera a Greece, Italy ndi Asia Minor, akumva maloto a anthu ndiponso akucheza ndi olosera a m'misika amene anthu ophunzira ankawanyoza, ndipo zimene anasonkhanitsa anazilemba m'mabuku asanu otchedwa Oneirocritica, awiri omaliza anali olembera mwana wake amene ankaphunzira ntchito yomweyo. Iye anagawa maloto pawiri: ena amangochokera m'zimene thupi ndi mtima zikumva pa nthawiyo, monga wanjala akalota akudya, ndipo amenewa ankawaona ngati opanda phindu kwa womasulira, ena ndiwo olosera. Chofunika kwambiri m'chiphunzitso chake, chimene omutsatira ambiri anachitaya, ndi chakuti chizindikiro chimodzi chimasintha tanthauzo molingana ndi wolota, kotero womasulira ayenera kuyamba wadziwa ntchito ya munthuyo, msinkhu wake, thanzi lake, chuma chake ndi miyambo ya kwawo, pakuti loto limene ndi labwino kwa kapolo likhoza kukhala tsoka kwa mbuye wake. Anazindikiranso kuti chiyankhulo chimalowerera m'maloto, ndipo chitsanzo chake ndi mfumu Alexander, amene pozinga mzinda wa Tyre m'chaka cha 332 Khristu asanabadwe akuti analota cholengedwa cha m'nthano chotchedwa satyros chikuvina pa chishango chake, ndipo wolosera wake Aristander anadula liwulo pawiri kuti limveke m'Chigiriki kuti Tyre ndi wa Alexander.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna, amene buku lake Die Traumdeutung linatuluka kumapeto kwa 1899 ngakhale kuti pachikuto panalembedwa 1900, ndipo makope 600 oyamba anatenga zaka zisanu ndi zitatu kuti athe. Freud anatola maloto aja amene Artemidorus anawayesa opanda phindu nawasandutsa maziko a ntchito yonse, ponena kuti loto sililoza m'tsogolo koma m'kati mwa wolota, ku zilakolako zimene zinakankhidwira m'mbali ya maganizo imene mwini wake saidziwa. Anasiyanitsa zimene wolota amakumbukira podzuka ndi ganizo lobisika kuseri kwake, ndipo njira yake yofikira ganizolo inali kumulola wolotayo kunena chilichonse chimene chikumubwerera m'mutu pa kachigawo kalikonse ka loto. Komabe m'makope otsatira, potengera ntchito ya mnzake Wilhelm Stekel, anawonjezera gawo la zizindikiro za tanthauzo lokhazikika, zambiri zokhudza kugonana, ndipo pamenepa anabwerera pang'ono ku mndandanda wa mtundu wa ku Egypt umene iye mwini anaudzudzula poyamba.

Carl Gustav Jung wa ku Zurich, amene anasiyana maganizo ndi Freud m'chaka cha 1913, anakana zoti loto limabisa kanthu, naphunzitsa kuti limaonetsa mbali ya moyo imene munthu akuinyalanyaza masana, ndiponso kuti zithunzi zina, monga mayi, nkhalamba yanzeru ndi mthunzi wa munthu, zimapezeka m'maloto ndi m'nthano za mitundu yotalikirana chifukwa zimachokera m'chibadwa chimene anthu onse amagawana. Ngakhale zinali choncho, iye ankachenjeza ophunzira ake kuti asamasulire loto popanda kumudziwa mwini wake.

Kafukufuku wa pambuyo pake anachepetsa mphamvu ya ziphunzitso ziwirizi. M'chaka cha 1953 Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku Chicago anapeza kuti pali gawo la tulo limene maso amayenda mofulumira ndipo ogona akadzutsidwa pamenepo amakonda kunena kuti amalota, ndipo mu 1966 Calvin Hall ndi Robert Van de Castle anatulutsa njira yowerengera anthu, malo ndi zochitika za m'maloto ambirimbiri, imene inaonetsa kuti anthu amalota kwambiri za iwo amene amakhala nawo ndi nkhawa zimene amayenda nazo masana. Timabuku topatsa njoka, madzi kapena kugwa kwa dzino tanthauzo limodzi kwa aliyense tikugulitsidwabe m'maiko ambiri, koma ndi totsalira kumbuyo ngakhale poyerekeza ndi Artemidorus, amene ankayamba wafunsa kuti wolotayo ndani.