Nyimbo Nayonso Ndi Mboni ya Mbiri

Pa 19 July 1984, Mary Manning, wogwira ntchito m'sitolo ya Dunnes Stores muno mu Dublin, anakana kugulitsa zipatso zochokera ku South Africa podana ndi ulamuliro watsankho. Ataimitsidwa, anzake ananyanyala ntchito kufikira mu 1987, pamene boma la Ireland linaletsa zipatsozo. Woimba Ewan MacColl anawapekera nyimbo yomwe yasunga kulimba mtima kwawo.

Nakonso kwathu oimba sanakhale chete. Evison Matafale wa ku Chileka anafera m'manja mwa apolisi mu 2001 atadzudzula boma la Bakili Muluzi.

Inu ofufuza mbiri m'mayunivesite akuno, musadalire zikalata za boma zokha. Zimene olamulira anakwirira, oimba anazisunga.