Kamera Imatera Kwathu, Koma Timakaitenga ku Tauni

Ife a ku Palabana tikapeza kamera ya salaula pa eBay, cimatibvuta ndi adiresi. Nyumba zambiri kuno zilibe manambala, ndipo bvutoli linayamba kale.

Kuyambira 1975, makalata ndi matelefoni zonse zinali m'manja mwa PTC, kampani ya boma. Positi sinali kufika pakhomo. Makolo athu anali kubwereka P.O. Box ya sukulu kapena ya chalichi, ndipo kapepala kakabwera, unali ulendo wa ku Cairo Road kukatenga phukusi. Mu 1994 PTC inagawika pawiri, ZAMTEL ndi ZAMPOST. Caka comweco ZRA inayamba nchito, ndipo mpaka lero msonkho umatidikira, kaya kamerayo yakalamba bwanji.

Manje njira zaculuka. Positi ndi yochipa, koma timawerenga masabata. DHL imafulumira, koma ndalama yake nthawi zina imaposa mtengo wa lens imene tagulayo. Ambiri timadalira basi ya ku Johannesburg: wacibale wapereka bokosi kwa kondakita, ife tikalandira pa Intercity. Kunena zoona, iyi ndi njuga. Galasi siligwirizana ndi maenje a pamseu, ndipo likasweka palibe wokamudandaulira.

Coseketsa n'cakuti Kenneth Kaunda International Airport ili m'boma lathu lomwe lino la Chongwe. Phukusi la ndege limatera kwathu, lipita ku Lusaka, ife pambuyo pake pa Leopards Hill Road, foni kumanja, kudikira kuti atiitane.